Chala cha mdyerekezi pa sikelo ya ku Conques

Moni nonse amene mukundimvera, kaya muli kumudzi, ku Joni kapena kuno ku Ulaya. Lero za mapepala ndi kuzizira tazisiya kaye. Ndikuuzeni zimene ndaona Loweruka lapitali.

Agogo amene ndimawasamalira kuno ku Rodez, kum'mwera kwa France, akhala akundiumiriza kuti ndisadzachoke m'dziko lino ndisanaone Conques. Ndi kamudzi ka m'mapiri, pa njira ya anthu oyenda wapansi ulendo wa mapemphero kuchokera ku Le Puy-en-Velay mpaka ku Santiago de Compostela, ku Spain. Mpaka lero akudutsabe, zikwama kumsana, ndodo kumanja.

Pamwamba pa khomo la tchalitchi cha Sainte-Foy anasemapo chiweruzo chomaliza, kale m'zaka za m'ma 1100. Zithunzi 124 pakhomo limodzi, abale anga. Nthawi imeneyo ambiri sankadziwa kuwerenga, ndiye mwalawo ndiwo unkalalikira. Yesu wakhala pakati, dzanja lamanja wakweza kwa opulumuka, lamanzere watsitsa kuloza ku gehena.

Pansi pa mapazi ake, mngelo Mikaeli akuyeza mizimu. Mdyerekezi waika chala pa mbale ya sikeloyo, akukanikiza mwakabisira kuti iweramire kwake. Pomwepo ndinakumbukira mayi anga akugulitsa soya kwa mavenda, maso ali tcheru pa dzanja la woyeza. Koma pamwalapo sikelo ikupendekerabe kwa mngelo.

Ku gehenako chilango chikutsata tchimo. Wamiseche akumuzula lilime. Wopha nyama mozemba wamangidwa pamtengo, kalulu akumuwotcha. Ngakhale amonke osakhulupirika alimo, akodwa mu ukonde, chonsecho osemawo ankagwirira ntchito amonke omwewo. Zimenezo ndinazilemekeza.

Koma amene anandibaya mtima ndi waumbombo uja. Wapachikidwa, thumba la ndalama lili m'khosi, chule ali kunsi kwa mapazi ake. Ndinaima pamenepo mpaka khosi kuwawa. Miyezi itatu ndakhala ndikungoyang'ana foni ikulira mchemwali wanga akaimba, poopa kuti andipempha fizi ya mwana, ine ndikuti ndikusunga za malata a nyumba yanga.

Ndinakhala pa mwala panja pa tchalitchipo n'kuimba. Anayankha mwanayo: "Amalume, mwasowatu."