Nthano za ku Latvia zikamalowa m'buku la zithunzi

Zikomo amayi, zikomo abambo, ndi inu aphunzitsi ndi ojambula amene mwabwera. Tiyambe ndi kumene nthanozi zimachokera. Ku Latvia, dziko la ku Ulaya, nthano amaitcha pasaka, ndipo wolemba buku la ana sangoyamba ndi zam'mutu mwake. Amakafufuza m'mabuku 15 amene Pēteris Šmits, katswiri wosonkhanitsa nthano, anatulutsa pakati pa 1925 ndi 1937, kapena m'nkhokwe ya zachikhalidwe ya ku Riga, likulu la dzikolo, yomwe inakhazikitsidwa mu 1924. Kumeneko nthano imodzi mumaipeza itasimbidwa mosiyanasiyana, dera lino mwakuti, dera linalo mwakuti. Sankhani kasimbidwe kamodzi, mukakamire komweko. Mukatapa uku ndi uku, mapeto sagwirizana ndi chiyambi, ndipo mwana amazindikira msanga.

Tsopano nkhani ya Velns, pakuti apa ndi pamene ambiri amaphonya. Dzinali anthu amalimasulira kuti mdyerekezi, ndiye wojambula amamupatsa maso ofiira ndi moto kumbuyo. Ayi ndithu. M'nthano zambiri za ku Latvia, Velns ndi chimphona champhamvu koma chopepera, chimene mlimi kapena kamnyamata koweta ziweto kamachipusitsa, monga mmene Kalulu amachitira ndi Fisi. Velns amaopa Pērkons, mulungu wa bingu, ndipo tambala akalira mphamvu zake zimatha. Taganizani chithunzi ichi: Velns wafinya mwala mpaka wanyenyeka, kamnyamata katulutsa tchizi m'thumba, kafinya, madzi chuu pakati pa zala, chimphona kukamwa yasa, chikuganiza kuti ndi mwala. Mwana ayenera kuona kuti ndi tchizi pamene Velns sakudziwa. Mukamujambula moopsa, mwana saseka, ndipo nthano yafera pomwepo.

Za masamba. Buku la zithunzi nthawi zambiri limakhala ndi masamba 32, chifukwa osindikiza amapinda chipepala chachikulu kukhala masamba 8 kapena 16. Mukachotsa a mutu ndi a zaumwini, mumatsala ndi mapeyala ngati 14 a masamba oyang'anana. Mawu asapitirire 700. Musanajambule chilichonse chooneka bwino, pindani mapepala asanu ndi atatu pakati, mulembe ndi pensulo, muwerenge mokweza mukutembenuza.

Nthanozi zimakonda zinthu zitatu: abale atatu, mayeso atatu, mausiku atatu. Okonza mabuku ena amadula kubwerezaku poti kukudya malo. Musatero. Kubwereza ndiko kumapatsa mwana mpata wolowa nawo ndi mawu ake, ngati mmene timavomerera kuti "tili tonse". Yeso lililonse lipatseni masamba ake awiri, mawu akhale omwewo, chithunzi chokha chisinthe, ndipo chodabwitsa chachitatu chibisale kuseri kwa tsamba kuti aonere potembenuza.

Wojambula asaike nkhope kapena mawu pakati penipeni pa masamba awiri, amamezedwa ndi msoko. Nyumba zikhale za mitengo yogoneka, nkhalango ya paini, ndi rija, nyumba youmitsiramo ndi kupunthiramo mbewu, kumene Velns amakonda kubwera usiku. Pomaliza yang'anitsitsani zilembo: Chilatviya chili ndi ā, ē, š, ķ, ļ, ņ. Mtundu wa zilembo ukapanda zimenezi, kompyuta imaika tibokosi kapena kusakaniza zilembo zina, ndiye funsani pepala loyesera musanalole kuti asindikize onse.