Makalata a Omvera: Mafuta a M'magazi, Asilikali a M'thupi ndi Mtima

Takulandirani omvera athu nonse. Makalata atatu a lero akukhudza mtima, ndiye tiyeni tiyambe.

Yoyamba ndi ya mayi wina wa zaka 38. Akuti: "Bambo anga anamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima asanakwanitse zaka 50, ang'ono awo chimodzimodzi. Ine ndine wochepa thupi, sindisuta, ndimayenda pansi kwambiri. Koma atandiyeza magazi akuti kolesterolo wanga ndi wokwera zedi. Ndalakwitsa pati?"

Amayi, pepani ndi maliro awiriwo, ndipo musadziimbe mlandu. Kolesterolo ndi mtundu wa mafuta a m'magazi, ndipo wambiri thupi limapanga lokha, makamaka m'chiwindi. Chiwindi chomwecho ndicho chimachotsa m'magazi mtundu woipa wa kolesterolo wotchedwa LDL, pogwiritsa ntchito timapuloteni tokhala kunja kwa maselo ake timene timamugwira n'kumulowetsa m'kati. Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas, ku America, ndiwo anatulukira zimenezi, ndipo mu 1985 analandira nazo mphoto ya Nobel. Tsono pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 250 alionse amabadwa ndi jini (malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) yolakwika, moti LDL wake sachotsedwa bwino kuyambira ali khanda. Madokotala amati familial hypercholesterolemia. Kholo limodzi likakhala nayo, pafupifupi theka la ana amatengera. Ine sindingakuyezeni pa wailesi, koma nkhani yanu ikufanana kwambiri ndi matenda akumtundu amenewa. Kafotokozereni dokotala za bambo anu ndi ang'ono awo, mutchule ndi zaka zimene anamwalirira. Mankhwala otsitsa kolesterolo otchedwa statin amathandiza kwambiri akayambidwa msanga. Ndipo chonde, ana anu ndi abale anu a bere limodzi akayezetsenso.

Koma si zonse zotengera ku makolo zimene zili zoipa. Mu 2006 Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen anapeza kuti pa anthu akuda 100 alionse a ku America amene anawafufuza, awiri kapena atatu anali ndi jini yofooka ya puloteni yotchedwa PCSK9, imene imawononga timapuloteni togwira LDL tija. LDL wawo anali wotsika ndi 28 peresenti, koma pa zaka 15 matenda a mtima anachepa pakati pawo ndi 88 peresenti. Kutsika pang'ono, koma kwa moyo wonse. Lero kuli jakisoni wotsekereza PCSK9.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mnyamata wophunzira za unamwino: "Ndamva kuti chitetezo cha m'thupi chimayambitsanso matenda a mtima. Zitheka bwanji, poti ntchito yake ndi kutiteteza?"

Funso ili landisangalatsa, achimwene. Tiyeni tilowe mu mtsempha wa magazi tione. LDL akachuluka amalowerera m'khoma la mtsempha n'kukanirira momwemo, kenako amayamba kuonongeka. Asilikali a m'thupi otchedwa macrophage amabwera kudzayeretsa. Amameza mafutawo, kumeza, kumeza, mpaka kufufuma ngati thovu, ambiri n'kufera pomwepo. Pamene akulimbana chonchi amatulutsa mapuloteni oitanira anzawo, monga interleukin-1 ndi interleukin-6. Malowo amatupa, chotupacho chimakula kwa zaka zambiri munthu osamva kanthu, ndipo tsiku limene chaphulika magazi amaundana n'kutseka njira yopita ku mtima.

Funso limene linavuta akatswiri linali lakuti: kodi mapuloteniwa amayambitsadi matenda, kapena amangopezeka pamalo a ngozi? Apa majini anaweruza mlandu, chifukwa jini munthu amabadwa nayo matenda asanayambe. Taonani CRP, puloteni imene chiwindi chimatulutsa m'thupi mukakhala kutupa. Odwala mtima ambiri amakhala nayo yokwera, komabe anthu obadwa ndi majini okweza CRP sadwala mtima kuposa anzawo. CRP ndi utsi chabe, moto uli kwina. Interleukin-6 ndiye nkhani ina. Kafukufuku wamkulu wa mu 2012 anaonetsa kuti anthu amene jini yawo imafooketsa pang'ono uthenga wa puloteni imeneyi amadwala mtima mocheperako, ngakhale kolesterolo wawo ali ngati wa wina aliyense.

Mu 2017 Paul Ridker wa ku Boston, ku America, ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa CANTOS, wa anthu oposa 10,000 amene anadwalapo kale mtima. Mankhwala a canakinumab, otsekereza interleukin-1 beta, anachepetsa kubwereranso kwa matendawa ndi pafupifupi 15 peresenti osatsitsa kolesterolo. Koma mvetserani bwino apa: pakati pa olandira mankhwalawo, omwalira ndi matenda obwera ndi tizilombo anachulukirapo. Asilikali ukawamanga manja, adani ena amalowa. N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi aliyense wokuuzani kuti muiwale za kolesterolo poti vuto ndi kutupa. Mafuta ndiwo amayamba kulowa m'khoma muja, asilikali amabwera pambuyo.

Yomaliza ndi yaifupi, ya bambo wina: "Ndimamwa ma ARV mokhulupirika ndipo kachilombo sikaonekanso m'magazi. Nkhani za mtimazi zikundikhudza?"

Abambo, zikomo polemba momasuka. Inde zikukukhudzani. Ngakhale kachilombo katagonja, chitetezo cha m'thupi chimakhalabe chodzuka pang'ono, ndipo kutupa kosaonekako kumavulaza mitsempha. Zimachitikanso kwa odwala nyamakazi ya rheumatoid ndi lupus, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo. Mu 2023 kafukufuku wa REPRIEVE, wa anthu oposa 7,700 okhala ndi HIV a zaka 40 mpaka 75, anapeza kuti statin wotchedwa pitavastatin anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 peresenti. Ma ARV musasiye ngakhale tsiku limodzi. Mukapita kukatenga mankhwala, pemphani akuyezeni BP, shuga ndi kolesterolo, ndipo mufunse ngati statin angakuyenereni. Musagule nokha, chifukwa ma statin ena sagwirizana ndi ma ARV ena.