Ulendo wa ku Nyika: konzekerani mukadali pa Rumphi

[Pa malo omwetsera mafuta, Rumphi]

Moni nonse. Ngati mukupita ku paki ya Nyika, mwetsani mafuta pano pa Rumphi mpaka thanki idzadze, ena muthire m'chigubu. Mukangodutsa pano musadalire kuti mukapeza pampu. Kukafika ku Chelinda, malo ogona alendo mkati mwa paki, ndi makilomita oposa 100, msewu wake mbali yaikulu ndi wafumbi, wamiyala, wokwera. Ikani maola osachepera anayi, ndipo nyamukani m'mawa kuti mulowe pa chipata cha Thazima kukadali dzuwa. Tayala lapadera likhale lopopa bwino, jeke ikhale yogwira ntchito. Kuyambira Disembala mpaka Epulo matope amakhala oterera kwambiri, galimoto yosakhala 4x4 imatitimira.

[Msewu wodutsa m'miombo]

Mukangolowa pa Thazima chepetsani liwiro. Kuno ndiye kumakonda njovu, makamaka masuku akapsa. Mukakumana nazo imani patali, osaliza hutala, zidutse zokha.

[Mapiri a udzu, mbidzi zikudya]

Mukakwera pamwamba mitengo imatha, n'kuyamba mapiri a udzu mpaka kumene maso alekezera, nkhalango zobiriwira zitabisala m'zigwa. Malowa adakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi, pafupifupi masikweya kilomita 3,200. Mbidzi, nchefu, chilembwe ndi mphoyo mumaziona poyera chifukwa palibe tchire loti zibisalemo. Nyalugwe aliko, koma kumuona n'kovuta masana. Funsani za ulendo wa usiku ndi wolondolera.

Chimene alendo ambiri sachikonzekera ndi kuzizira. Muli pamtunda woposa mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira 2,600. Mu Juni ndi Julaye m'mawa mumapeza udzu utayera ndi chisanu, zala osagwira. Tengani jekete lokhuthala, chipewa ndi masokosi aubweya, ngakhale mutachokera ku Karonga kotentha kuja.

Chifunga nachonso chimagwa mwadzidzidzi, phiri lililonse n'kufanana ndi linzake. Musayende wapansi kutali ndi Chelinda popanda wolondolera, ndipo musadalire foni chifukwa netiweki imasowa.

Okonda maluwa bwerani Januwale kapena Febuluwale: kumeneko kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200. Jambulani, koma chonde musazule. Anthu okumba machikanda, mizu yodyedwa ya maluwawa, awononga kale ambiri.