Mzikiti wa ku Cologne ndi mkangano wa mamita 55

Zikomo a Gulupu, a Shehe, abusa, abambo mfumu, amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyoko mukundimva? Chabwino. A tcheya andiuza kuti nthawi ndi yochepa, ndiye sindizungulira. Tinagwirizana kuti tikakumana chonchi tizitenga nkhani imodzi ya kwina kumene anthu azipembedzo anakanganapo, tione mmene inayendera. Ine ndatenga ya ku Cologne, mzinda wa ku Germany umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Rhine. Ndinakhalako miyezi ingapo pa maphunziro, ndipo mzikiti ndikunenawu ndinalowamo ndi mapazi angawa, nsapato nditasiya pakhomo.

Tiyambire patali pang'ono. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, mafakitale a ku West Germany anachuluka kuposa manja ogwiramo ntchito. Mu 1961 boma lawo linasainirana pangano ndi dziko la Turkey kuti lizitengako antchito. Inu amene agogo anu anapita ku Joni pa Wenela mukudziwa kale mmene zimakhalira: kuyezedwa m'thupi, kukwezedwa sitima, kukagona m'makomboni a amuna okhaokha. Ku Cologne ambiri analowa ntchito ku fakitale ya galimoto ya Ford. Ajeremani anawatcha Gastarbeiter, kutanthauza alendo odzagwira ntchito. Mumtima ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame amenewa sanakamuke. Anaitanitsa akazi awo, ana anabadwira konko, lero kuli zidzukulu zoti chinenero chimene zimalota nacho ndi Chijeremani. Mumzinda wa anthu opitirira pang'ono miliyoni imodzi, Asilamu ndi oposa 100,000.

Pali kanthu kena kamene a Shehe kawasangalatsa. Mu February 1965, mwezi wa Ramadani utatha, antchito aja analibe poswalira Idi. Akuluakulu a Katolika anawatsegulira tchalitchi chawo chachikulu, chija chimene anayamba kumanga mu 1248 n'kudzamaliza mu 1880. Asilamu mazanamazana anayala mikeka yawo mbali ina ya tchalitchicho n'kuswali. Mzindawo sunagawike. Bwanji? Chifukwa anali alendo, ndipo kubwereka mlendo mphasa sikupweteka munthu.

Zaka zotsatira anthuwa ankapemphera m'magalaja, m'mashedi, kuseri kwa masitolo. Ajeremani ali ndi dzina lake la malo oterowo, limatanthauza mzikiti wa kuseri kwa nyumba. Bungwe lalikulu la Asilamu ochokera ku Turkey, lotchedwa DITIB, linakhazikitsidwa mu 1984, ndipo likulu lake linali mu fakitale yakale m'dera la Ehrenfeld, pa msewu wa Venloer Strasse. Zaka zoposa makumi awiri anthu ankasonkhana pamenepo Lachisanu lililonse. Galimoto zinalipo, azimayi ovala mipango kumutu analipo, ashehe ochokera ku Turkey analipo. Panalibe amene anayenda ndi zikwangwani. Ndikufuna mugwire pamenepa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Phokoso linayamba tsiku limene anthuwa anati: tigwetse fakitaleyi, timange nyumba yooneka, yoti wodutsa mumsewu adziwe kuti muno tilimo ndipo sitikuchoka.

Mpikisano wojambula pulani anapambana mu 2006 ndi Paul Böhm. Munthu ameneyu si Msilamu. Bambo ake Gottfried Böhm ndi agogo ake Dominikus Böhm anatchuka ndi kumanga matchalitchi a Katolika. Anajambula denga lozungulira lotalika mamita pafupifupi 35, ndi nsanja ziwiri zowonda za mamita 55. Anthu anakangana pa mamita amenewa ngati akukangana pa malire a munda. Ena amvekere zifupikitsidwe, zikupikisana ndi tchalitchi chathu. Koma nsanja za tchalitchicho ndi mamita 157, ndipo chapafupi pomwepo pali nsanja ya mauthenga yotalika kuposa zonsezi. Mukaona anthu akulu akutukwanizana chifukwa cha tepi yoyezera, dziwani kuti chikuwavuta si tepiyo.

Otsutsa sanali gulu limodzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa akamafotokoza nkhaniyi. Panali kagulu ka ndale kotchedwa Pro Köln, kamene mtima wake unali kudana ndi alendo basi. Iwowa anayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa masiginecha kuti nkhaniyi ipite ku voti ya anthu onse. Anapereka oposa 23,000, koma a khonsolo atawerenga anapeza kuti oposa 7,000 ndi osavomerezeka, chikalatacho chinagwa. Panalinso anthu wamba okhala m'deralo amene funso lawo linali losavuta: anthu onsewa Lachisanu adzaimika kuti galimoto? Mwazini, woitanira anthu ku mapemphero, azidzatidzutsa m'bandakucha? Masitolo a pa mzikitipo sadzapha malonda athu? Amenewa si mafunso a chidani. Ngakhale kuno, mpingo ukafuna kumanga moyandikana ndi nyumba yanu n'kumachita mapemphero a usiku wonse ndi zimkuzamawu, mumafunsa, ndipo simukhala kuti mwadana ndi Yesu.

Kenako panali munthu amene anasokoneza onse, mlembi wina wokalamba dzina lake Ralph Giordano. Mayi ake anali Myuda, ndipo iye anapulumuka m'manja mwa chipani cha Nazi pobisala m'chipinda cha pansi ku Hamburg. Munthu wotere simungamunene kuti sadziwa kusalidwa. Mu 2007 iye anati mzikitiwo usamangidwe, chifukwa kwa iye Asilamu ndi Ajeremani ankakhala moyandikana koma osasakanikirana, ndipo nyumba yaikulu ingonamiza anthu kuti zonse zili bwino. Anadandaula za ufulu wa amayi. Koma polankhula anafanizira amayi ovala chophimba thupi lonse ndi mbalame zija zakuda ndi zoyera za kumadzi oundana, ma penguin. Mwaona? Funso lake linali loyenera kuyankhidwa, koma chipongwecho chinalimeza. Munthu amene wamunyoza mayi ake sangakhalenso pansi kuti amve mfundo yako. Ndipo kumbali inayo ena anamuopseza kuti amupha, zimene zinangopatsa mphamvu onse amene ankati Chisilamu ndi nkhanza. A Pro Köln anafuna kumukumbatira, iye anawakana poyera.

Kadinala wa mzindawo, Joachim Meisner, sananene kuti usamangidwe, koma anati mtima wake sukukhazikika, ndipo anafunsa ngati Akhristu a ku Turkey ali ndi ufulu wofananawo womanga matchalitchi. Funso labwino, koma ine ndimaona kuti analifunsa kwa anthu olakwika. Mnyamata wobadwira ku Ehrenfeld, wokhoma msonkho ku Germany, sangalipire mlandu wa boma la ku Ankara, likulu la Turkey. Malamulo aakulu a dziko la Germany, gawo lachinayi, amapereka ufulu wachipembedzo kwa munthu aliyense, osati mosinthanitsa ndi dziko lina ngati chimanga ndi mchere.

Tisaiwalenso mantha a nthawi imeneyo. Za pa 11 September 2001 ku America zinali zikadali m'maso mwa anthu, kenako mabomba a m'sitima ku Madrid mu 2004 ndi a ku London mu 2005. Koma mantha anali mbali zonse. Mu June 2004 bomba lodzaza misomali linaphulika pa Keupstrasse, msewu wa masitolo a anthu a ku Turkey mu Cologne momwemo, n'kuvulaza anthu oposa makumi awiri. Apolisi anatha zaka akukayikira eni masitolowo, kuti mwina ndi zawo zomwe. Zinadzadziwika mu 2011 kuti anaphulitsa anali achiwembu achijeremani odana ndi alendo. Ndiye pamene mkangano wa mzikiti unkatentha, anthu aja anali akadali ndi misomali m'thupi komanso chala cha apolisi pamphumi.

Meya wa nthawiyo, Fritz Schramma, anali wa chipani cha CDU, chimene dzina lake lomwe lili ndi mawu akuti Chikhristu. Pa 28 August 2008 khonsolo inavota kuti mzikiti umangidwe. Makhansala a chipani chake anavota kukana, iye anavota kuvomera. Taganizani, mfumu kuimika dzanja yokha nduna zake zitapinda manja. Mwezi wotsatira a Pro Köln anaitanitsa anzawo a m'maiko ena a ku Ulaya ku msonkhano waukulu wotsutsa Chisilamu. Anthu a mumzindawo, masauzande ambirimbiri, anatseka misewu. Oyendetsa matakisi anakana kuwanyamula. Eni mabala anakana kuwagulitsa mowa wa kwawoko wotchedwa Kölsch, ndipo ku Cologne kumanidwa Kölsch kuli ngati kumanidwa thobwa pa chinkhoswe. Sindibisa, ena mwa otsekereza aja anaponya miyala n'kulimbana ndi apolisi. Mapeto ake apolisi analetsa msonkhanowo. Mwala wa maziko unaikidwa mu November 2009, mwezi womwewo umene anthu a ku Switzerland anavota, 57.5 pa 100 alionse, kuletsa kumanga nsanja za mizikiti, m'dziko limene munali nsanja zinayi zokha.

Nyumbayo ndi yokongola, amayi ndi abambo. Denga lake si lotseka ngati mphika wovundikira. Ndi zipupa za konkire zopindika ngati masamba a duwa limene likuyamba kutseguka, ndipo pakati pa tsamba ndi tsamba pali galasi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ukakwera masitepe otakata kuchokera mumsewu umafika pabwalo, ndipo usanalowe n'komwe umaona anthu ali m'mizere mkatimo. Mkati mumakwana anthu 1,200. Nditakhala pa kapeti, dzuwa likulowa m'mipata ija n'kugwera pa zilembo zachiarabu zagolide, ndinamvetsa chimene wojambulayo ankafuna: kuti wa kunja asanene kuti sindidziwa zimene amachita mmenemo.

Mukanakhala kuti mukufuna nthano yokoma, ndikanaimira pomwepa. Koma a Shehe mundikhululukire, mbali yotsalayi ikukhudza omanga. Mu 2011 a DITIB anamuchotsa Böhm pa ntchito, akuti apeza zolakwika zoposa 2,000, nkhani inakafika kukhoti, ntchito inachedwa zaka. Anthu anayamba kupempheramo mu 2017. Chaka chomwecho oimira boma pa milandu ankafufuza ashehe ena a bungweli powaganizira kuti ankapereka ku Ankara maina a anthu otsutsa boma la Turkey. Milanduyo inatsekedwa osafika kukhoti, koma chikhulupiriro chinali chitang'ambika. Muyenera kudziwa kuti ashehe ambiri a DITIB amatumizidwa ndi kulipidwa ndi nthambi ya boma la Turkey yoona za chipembedzo, yotchedwa Diyanet. Ndipo tsiku lotsegulira, pa 29 September 2018, amene anatsegula anali Pulezidenti Recep Tayyip Erdoğan. Meya wa nthawiyo, mayi Henriette Reker, sanapiteko. Schramma, amene anadana ndi chipani chake chifukwa cha nyumba imeneyi, sanapezekepo. Amene anasenza nawo denga anamvera pa wailesi kuti nsima yapsa. Ambiri amene anatseka misewu mu 2008 anadzimva kuti agwiritsidwa ntchito, ndipo Asilamu ena a mumzindawo anadandaula chimodzimodzi, kuti nyumba yathu yasanduka nsanja ya ndale za kwina.

Zikanatheka kuyenda mwina. Ku Duisburg, ulendo wosakwana ola limodzi pa sitima, m'dera la Marxloh, bungwe lomweli linatsegula mzikiti waukulu mu 2008 popanda chipwirikiti chotere. Kumeneko anayamba ndi kukhazikitsa komiti ya anthu oyandikana nawo, abusa, ansembe, aphunzitsi, amalonda, isanakumbidwe ngakhale ngalande ya maziko, ndipo anaikamo chipinda chokumaniranamo anthu onse. Ifenso tinaona mu 2019 ku Balaka mmene nkhani ya hijabu pa sukulu ya mpingo inafikira pa kugendana, mpaka bungwe la PAC linakhazika pansi mbali zonse n'kusainirana pangano mu 2021. Kukhala pansi kunabwera magalasi atasweka kale.

A mayi apo afunsa za azana, kuti mwazini amamveka kunja kapena ayi. Poyamba panali mgwirizano woti mwazini asamveke kunja, nsanja zija zinali zongoonetsa. Mu October 2022 khonsolo inalola moyeserera: Lachisanu lokha, pakati pa 12 koloko ndi 3 koloko masana, osapitirira mphindi zisanu, ndipo mawu asapose madesibelo 60, amene ali ngati mmene timachezera pakhonde. Zimkuzamawu sanazipachike pa nsanja, anaziika pafupi ndi zitseko. Tsiku loyamba, pa 14 October, atolankhani anadzaza pabwalo, ndipo tsidya la msewu kunaima kagulu ka otsutsa, ena mwa iwo amayi ochokera ku Iran okumbutsa za anzawo amene ankaphedwa kwawo chifukwa cha mpango wa kumutu. Mwazini anayamba kuitana. Amene anaima chapatali pang'ono anamva galimoto zokhazokha.

A tcheya, ndibweze mpando. Mafunso ayambire kumbuyoko.