Sola ya pakhomo: werengerani kaye musanagule

A Gulupu, mafumu onse, ashehe ndi abusa, amayi ndi abambo, zikomo pobwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi. Dzuwa lomweli ndilo tabwerera.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje wa Shire, womwewu umayambira kwathu kuno ku Mangochi, n'kupita kukazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kuja mukukukumbukira. Kunamangidwanso minda ya sola, ngati ya ku Salima ya mamegawati 60 ndi ya ku Golomoti ya 20. Koma nthambo za ESCOM sizifika mawa m'midzi yonse ya kwa Makanjira kapena kwa Katuli. Sola ya pakhomo ndiyo ili pafupi.

Chikutipweteka ife n'chakuti m'midzi muno mwadzaza masola akufa. Panelo ili padenga, batire lili pansi pa bedi, nyumba ili mumdima, ndiye oyandikana nawo amati sola ndi kutaya ndalama. Ambiri mwa amenewa anafa chifukwa munthu anagula zipangizo zosagwirizana.

Yambani ndi cholembera. Chipangizo chilichonse chili ndi mawati ake olembedwa. Chulukitsani ndi maola amene chimayaka. Mababu anayi a LED a mawati 5 kwa maola 5, ndi 100. TV yaing'ono ya mawati 30 kwa maola 4, ndi 120. Mafoni atatu, tinene 30. Zonse 250. Onjezani pafupifupi 80 zotayikira m'mawaya ndi m'batire, mufika 330 pa tsiku. Dzuwa lamphamvu lenileni limakhala maola asanu kapena kuposerako pang'ono, ndipo panelo ya mawati 100 ikatentha sipereka zonse zolembedwazo, choncho yembekezerani 350 mpaka 400. Yakwana nyumba imeneyi. Ya mawati 50 siingakwane, olo wogulitsa alumbire.

Tsopano batire, ndipo apa tcherani khutu, chifukwa ndipo ndalama zanu zimafera. Batire la 12V lolembedwa 100Ah limasunga 1,200 pa muyeso womwe uja wa mawati kuchulukitsa ndi maola (12 kuchulukitsa ndi 100). Koma zanu ndi theka lokha, 600. Batire la asidi mukamalikama mpaka babu kuzima lokha, mkati mwake mumamera zoyera zouma pa mtovu, ndipo malo osungira moto amachepa osabwereranso. Batire loti likanakutumikirani zaka zitatu limatha chaka chisanathe. Theka lija likukwanirani usiku umodzi ndi tsiku lina la mitambo, ngati masiku a chiperoni mu Juni ndi Julaye. Batire la galimoto musagule. Linapangidwa kuti lilize injini kamphindi n'kudzazidwanso pompo. Funsani la deep cycle, lopangidwira kutulutsa moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri.

Pakati pa panelo ndi batire pamakhala kontirola, kabokosi kamene kamaletsa batire kudzaza mopyola ndi kutha mopyola. Pa panelo ya mawati 100, ya 10A ndi yokwanira. Timaona kawirikawiri: kontirola yadula magetsi usiku mpira uli mkati, mnyamata n'kutenga mawaya kulumikiza TV ku batire mwachindunji. Mpira waonedwa, batire lapita. Kontirola ikadula ndiye kuti ikugwira ntchito yake.

Polumikiza, batire liyambe kulowa ku kontirola, kenako panelo, pomaliza mababu. Pomasula, panelo iyambe kuchoka. Ikani fyuzi pa waya wofiira pafupi ndi batire; batire likachita shoti, waya amafiira ngati khala, ndipo denga la udzu silichedwa. Waya akhale wa kopa, wa 2.5 kapena 4 mamilimita, ndipo akhale wamfupi. Waya wa sipika uja amadya moto m'njira.

Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri pafupifupi 15, kuti mvula izitsuka fumbi. Musaigoneke pamalata. Siyani mpata woti dzanja lilowe kunsi kuti mphepo izidutsa, chifukwa kutentha kwa kuno mu Okutobala kumaifoola. Imangeni ndi mabawuti, mwera ungaiulutse. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango, kapena chitosi cha mbalame pa kachigawo kamodzi, chimagwetsa mphamvu ya panelo yonse, chifukwa tizigawoto tinalumikizidwa ngati unyolo. Pukutani ndi kansalu kofewa ndi madzi m'mamawa galasi lisanatenthe.

Mayi uko afunsa za mapanelo abodza. Alipo, mayi. Panelo ya mawati 100 imatalika pafupifupi mita imodzi, m'lifupi theka la mita kapena kuposa. Akakuonetsani yaing'ono kuposa pamenepo yolembedwa 200, bwezani ndalama m'chitenje. Uzani wogulitsa aiyeze padzuwa ndi mita yoyezera: yosalumikiza ku chilichonse ionetse 21V kapena 22V. Batire lodzaza likapuma limaonetsa 12.7V, likafika 12.1V ndiye theka lija latha. Tengani lisiti yolemba nthawi ya waranti.

Bambo afunsa za filiji yosungiramo chambo. Pa sola tawerengerayi, ayi. Filiji imayaka usana ndi usiku, ifuna mapanelo ndi mabatire akeake. Nsimbi ndi ketulo zimakoka mawati 1,000 mpaka 2,000. Musayese, ngakhale muli ndi inveta, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa ESCOM. Inveta yokhayo imadya moto ikangoyatsidwa, ndiye zimitsani mukamagona.

Inu asodzi oyatsa nyale za usipa, lamulo la theka likukhudzaninso. Batire likabwera kunyanja, lipite kotchaja tsiku lomwelo. Kulisiya lopanda moto masiku atatu ndiko kulipha. La zitsekerero muziliona mwezi uliwonse. Madzi akatsika, thirani madzi a batire ogula aja mpaka mtovu umire. Osathira asidi, osathira a pamjigo kapena a m'nyanja, muli mchere. Likafa musalitaye kugombe kapena kuliswa kuti mutenge mtovu wa maukonde. Mtovu umaononga ubongo wa ana. Libwezeni kwa ogulitsa mabatire, ambiri amagula akale.