Belo ya Wodwala pa Milandu ya Ndalama: Khothi Limaiwonjezera Bwanji?

[Kanema: wofotokoza waima pamsika wa Luchenza]

Muli bwanji abale anga a ku Thyolo ndi ku Mulanje? Lero tikambe nkhani imene anthu amakangana nayo m'maminibasi. Munthu wamangidwa pa mlandu wobisa ndalama zopeza mwachinyengo, posakhalitsa mukumva kuti watuluka ati akudwala, kenako khothi lamuwonjezeranso masiku a belo. Ambiri amangoti basi, mlandu wathera pomwepo. Sichoncho ayi.

Munthu amene ali pa belo mlandu ukadali pakhosi pake. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa womangidwa ufulu wotulutsidwa, pokhapokha ngati kutero kungasokoneze chilungamo. Lamulo la belo la 2000 limatchulanso thanzi la woimbidwa mlandu pa zinthu zomwe woweruza aziganizira.

[Kanema: buku la kuchipatala, lotsegula]

Tsono powonjezera masiku ndi pomwe pali ntchito. Loya sangangoima n'kunena kuti "bwana akadali odwala". Woweruza amafuna lipoti la dokotala: matendawo ndi otani, akulandira chithandizo chanji, nanga n'chifukwa chiyani sangachilandire ali m'ndende? Mbali ya boma imatha kutsutsa, ndipo ili ndi chifukwa. Milandu ya pansi pa Financial Crimes Act ya 2017, lamulo lolimbana ndi milandu ya zachuma, imayenda ndi mapepala a kubanki, ndipo amene ali kunja akhoza kusamutsa chuma kapena kunyengerera mboni. Kuno timadziwanso kuti chipata cha Muloza, chotulukira ku Mozambique, sichili patali. N'chifukwa chake khothi limatha kusunga pasipoti, kufuna chikole ndi anthu omuimira, n'kumulamula kuti azikaonekera kupolisi.

Ku India zinachitikapo. Satyendar Jain, yemwe anali nduna ya zaumoyo ku Delhi, anamangidwa mu 2022 pa mlandu wa mtundu womwewu. Mu Meyi 2023 khothi lalikulu la dzikolo linam'patsa belo ya masabata 6 kuti akalandire chithandizo, n'kumaiwonjezera kangapo. Mu Malichi 2024 linamulamula kuti abwerere kundende.

[Kanema: minda ya tiyi]

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Lamuloli silinalembedwere a masuti okha. Mnyamata wothyola tiyi yemwe ali pa limandi, akukhosomola usiku wonse pamalo pothithikana, ufulu wake ndi womwewo, kungoti alibe womulankhulira. Ngati ndi m'bale wanu, tengani buku lake la kuchipatala, pemphani kalata kwa dokotala yemwe amamuona, ndipo pitani ku Legal Aid Bureau, komwe amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Tsiku la mlandu likafika, iye mwini akhoza kukweza dzanja n'kuuza majisitileti kuti akudwala ndipo akupempha belo.