Wolemba mizere isanu ndi wolemba liwu limodzi

Zikomo a tcheyamani, amfumu, amayi ndi abambo. Monire mose. Kunjaku kwazizira monga mwa Mzuzu wathu, ndiye sinditalikitsa.

Amene muli ndi mafoni, tsegulani gulu lililonse la WhatsApp: la banki m'khonde, la kumpingo, kaya la makolo a kusukulu. Musawerenge nkhani zake, mungoona kutalika kwa mauthengawo. Ndani amalemba mizere isanu? Nanga wolemba liwu limodzi ndani?

Sabata yatha mayi wina wa kuno ku Chibavi, wogulitsa tomato mumsika waukulu, anandionetsa uthenga umene analembera mkulu wa gulu lawo. Unayamba chonchi: "Mwaswera bwanji bwana, pepani kukusokonezani, ndimati ndifunse nawo ngati n'kotheka..." Nkhani yeniyeniyo, yoti ndalama zawo za masheya sizinalembedwe m'buku, inali kumapeto, itabisala ngati mwana wamanyazi kuseri kwa chitenje cha mayi ake. Analemba katatu konse, kufufuta n'kuyambiranso. Yankho linabwera m'mawa mwake: "Noted." Basi. Mayiwo anaswera pa benchi lawo mtima uli m'mwamba, akudzifunsa ngati alakwira munthu.

Si ife tokha ayi. Mu 2012 akatswiri a ku yunivesite ya Cornell ku America anafufuza zokambirana za anthu olemba Wikipedia, buku lalikulu la pa intaneti limene anthu ambiri amathandizana kulemba, komanso za m'bwalo lalikulu la milandu la dziko lawo. Anayang'ana timawu ting'onoting'ono tolumikizira ziganizo, tofanana ndi "koma", "ndi", "mu" athuwa, timene munthu sasankha mwadala. Anapeza kuti maloya amatengera kayankhulidwe ka oweruza kuposa mmene oweruza amatengera ka maloya, ndipo olemba Wikipedia amatsatira kwambiri kalembedwe ka ma adimini awo. Wamng'ono amapinda lilime lake kuti lifanane ndi la wamkulu, iye mwini osadziwa n'komwe.

Ulemu sindikuutsutsa, musandimve molakwa. Pamaso m'pamaso timagwada, timaomba m'manja, timanena "inu" osati "iwe". Pafoni palibe bondo logwada, choncho katundu yense wa ulemu amasenzedwa ndi mawu. Chimene chimandiwawa n'chakuti amausenza ndi mbali imodzi yokha.

Ndipo kuno kumpoto nkhani ya chiyankhulo tikuidziwa bwino. Mu 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ya MBC, mpaka chinadzabwerera mu 1994. Akuluakulu muli pano munaziona ndi maso. Lero palibe lamulo loletsa munthu kulemba Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde pagulu, komabe taonani zimene zimachitika. Bwana wa ku ofesi akangoyamba ndi Chingerezi, tonse timathamangira Chingerezi, ngakhale chothyokathyoka. Wina akaphonya liwu, pamabwera tinkhope toseka tija. Mawa lake munthuyo sayankhulanso, amangowerenga mwakachetechete. Ife n'kumati gulu lagwirizana, chonsecho theka langokhala chete chifukwa cha manyazi.

Mphamvu si udindo wokha, ndalamanso. Pa gulu la banja pakagwa maliro, mnyamata wa ku Joni amene watumiza ndalama za bokosi akalemba kuti tiika Loweruka, ngakhale amalume amangoyankha "chabwino achimwene". Mwana amene anamulera okha!

Ndiye inu ma adimini, asungichuma, akulu a mpingo, aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi ili. Munthu akakulemberani m'Chichewa, muyankheni m'Chichewa. Akakupatsani moni, bwezani moniyo musanalowe m'nkhani. Ngati simungathe kuyankha lero, muuzeni tsiku limene mudzayankhe, chifukwa timizere tiwiri tabuluu tija iye akutiona, ndipo bandulo imene akudikirira nayo yankho lanu wagula ndi ndalama ya ndiwo. Inunso olembera akuluakulu, perekani moni, kenako nenani vuto lanu pa mzere wachiwiri pomwepo, osaliika kumchira.

Pa gulu lathu lomweli pali uthenga wa mawu umene agogo ena anajambula m'Chitumbuka Lachiwiri, wonena za paipi ya madzi yophulika pafupi ndi nyumba yawo. Mpaka lero palibe wawayankha, ine ndemwe ndili m'gulu la osayankhawo. A adimini, chonde utseguleni, mukweze mawu, tiumvere tonse pompano.